Chinenero chosowa ochiyankhula sikuti chafa

Ambiri amati ndalama zothandizira zikondwerero za zinenero za Aaborijini, anthu oyamba kukhala ku Australia, zimangolowa m'madzi, poti zinenerozo zinatha kalekale. Si zoona. Chinenero cha Kaurna cha ku Adelaide chinazilala Ivaritji, mayi womaliza kuchiyankhula bwino, atamwalira mu 1929, koma mawu amene amishonale Teichelmann ndi Schürmann anasindikiza mu 1840 anathandiza kuchidzutsa cha m'ma 1990. Lero ana akuchiphunzira kusukulu.

Ku New South Wales, chigawo china cha Australia, thandizo la ndalama lotere limachokera ku bungwe la Aboriginal Languages Trust. Ntchito yeniyeni imafuna ndalama zolipirira akuluakulu ophunzitsa, zoyendera, zojambulira mawu ndi zosindikizira timabuku. Povuta ndi apa: chikondwerero chikatha popanda makalasi otsatira, mawu aja amaiwalikanso.