Chifukwa chiyani makina sayatsidwa tsiku lomwe mwajambulidwa?

Odwala khansa a kuno ku Kasungu akapita kuchipatala chachikulu kukalandira thandizo la radiyesheni, lija ambiri amangoti "kuwotcha", amakonda kundifunsa kuti: "Adokotala, andijambula kale, nanga akudikiranso chiyani?" Ena amayamba kuganiza kuti fayilo yawo yasowa.

Pa masiku odikirawo pamagwiridwa ntchito imene wodwala saiona. Dokotala amatenga zithunzi za CT, zoonetsa m'kati mwa thupi, n'kulemba malire pakompyuta, chithunzi chimodzichimodzi: chotupa chathera apa, apa mpomwe chingakhale chitafalikira, apa ndi pofunika kupewa. Kwa mayi wodwala khansa ya khomo la chiberekero, chikhodzodzo ndi matumbo zili khoma ndi khoma ndi malo odwalawo. Mzere ukapitirira pang'ono, zimapsa. Ukaperewera, khansa imatsalira n'kuphukanso ngati chitsa.

Ndiye pulani ya kawotchedweyi siipita kumakina dokotala wina asanaione. Alimi a fodya mukudziwa: ngakhale wosankha waluso, akakhala tsiku lonse m'shedi, maso amazolowera, ndipo tsamba lolakwika limalowa m'belo n'kukaonekera ku msika wa fodya wa Chinkhoma. Mnzake wobwera ndi maso atsopano amaligwira msanga. Kuchipatala nako, dokotala wachiwiri amafunsa ngati malire akugwirizana ndi zithunzi, ngati ndi mbali yoyenera ya thupi, komanso ngati mlingo wa radiyesheni ukuyenerana ndi matendawo. Katswiri wa fizikisi amabwerezanso masamu onse payekha. Mapulani ambiri amadutsa osasinthidwa. Ena amabwezedwa kuti akonzedwe, ndipo dokotala wabwino sakwiya nazo. Ine amene amandidetsa nkhawa ndi uja wosafuna kuonetsa anzake ntchito yake.

Kusamala konseku n'chifukwa chakuti radiyesheni ikalowa m'thupi siibwezeka. Komanso pulani imodzi imagwiritsidwa ntchito kambirimbiri: pa khansa ya khomo la chiberekero nthawi zambiri amawotcha maulendo 25, Lolemba mpaka Lachisanu, kwa masabata asanu. Cholakwa cha tsiku loyamba chimabwerezedwa mpaka lomaliza. Ku Panama, m'zaka za 2000 ndi 2001, odwala 28 analandira mlingo wopitirira chifukwa cha mmene manambala analowetsedwera m'kompyuta, ndipo ena anamwalira.

Komabe kudikira kuli ndi malire, poti chotupa sichidikira. Musananyamuke kubwerera kumudzi, funsani tsiku loyambira, mulembe, ndipo musiye nambala ya foni yomwe imagwiradi. Tsikulo likadutsa osamva kanthu kuchokera kuchipatala, imbani.