Mwapatsidwa kalasi ya Computer Studies? Mafunso ndi mayankho kwa aphunzitsi a ku Mzuzu

M'sukulu zambiri za sekondale, makamaka ma CDSS, makompyuta amafika mphunzitsi wake asanapezeke. Ahedi amangoitana mphunzitsi wa masamu kapena wa Physics n'kumuuza kuti, "Inuyo kompyuta mumaidziwa, tengani kalasiyi." Mayankho awa ndi a mphunzitsi wotereyu komanso a ahedi amene amupatsa ntchitoyo.

Kodi woyenera kuphunzitsa phunziroli ndani?

Ndi mphunzitsi wa sekondale amene ali ndi dipuloma kapena digiri ya uphunzitsi, ndipo analembetsa ku Teachers Council of Malawi. Wofuna kuliphunzira mozama sayenera kupita kutali, chifukwa Mzuzu University ku Luwinga ili ndi digiri ya uphunzitsi wa ICT. Amene anaphunzira ICT yokha amafunika kuwonjezera maphunziro a uphunzitsi, poti kukonza kompyuta ndi kuyendetsa kalasi ya ana 60 ndi ntchito ziwiri zosiyana.

Word ndi Excel ndimazidziwa. Kodi si zokwanira?

Ayi. Silabasi imene Malawi Institute of Education imakonza ku Domasi ili ndi zambiri: database, ma network, programming ndi zina. Pa MSCE, MANEB imayesa mbali ziwiri, yolemba papepala ndi ya practical pa kompyuta.

Yambani ndi silabasiyo. Mutu uliwonse muuike m'gulu limodzi mwa atatu: umene mungaphunzitse mawa lomwe, umene mumatha kuchita koma simungaufotokoze, ndi umene simuudziwa. Gulu lachiwirilo ndilo lopusitsa. Taonani mu Excel. Mtengo wa buledi uli mu E1, chiwerengero chili mu B2, mwana walemba =B2*E1 ndipo yankho latuluka bwino. Akakopera fomulayo kutsika m'munsi, mizere yotsatira ikungoonetsa 0. Chachitika n'chakuti E1 yasanduka E2, kenako E3, ndipo m'menemo mulibe kanthu. Mankhwala ake ndi kulemba =B2*$E$1, chifukwa $ imaletsa E1 kusintha pokopera. Mphunzitsi amene amangodziwa kuika $ koma osadziwa chifukwa chake amagwidwa njakata mwana akafunsa. Mukamaliza zimenezi, tengani mapepala a mayeso akale a practical, muwalembe nokha wotchi ili patebulo.

Nanga maphunziro owonjezera amapezeka kuti?

Uthenga wa maphunziro a aphunzitsi omwe ali kale pantchito umadzera kwa ahedi kuchokera ku ofesi ya Northern Education Division. Bungwe la Centre for Youth and Development la kuno ku Mzuzu, mogwirizana ndi The Turing Trust, lakhala likupereka makompyuta okonzedwanso m'sukulu ndi kuphunzitsa aphunzitsi. Ahedi, mwayi wotere ukapezeka tumizani aphunzitsi awiri. Mukatumiza mmodzi, tsiku limene adzasamutsidwe labu idzatsekedwa.

Makompyuta alipo 10, ana 60. Ndichite bwanji?

Pemphani mapiriyodi awiri otsatizana pa timetable, kuti mukhale ndi mphindi 80. Piriyodi imodzi ya mphindi 40 imathera kulowa, kuyatsa ndi kuzimitsa. Gawani kalasi pakati. Ana 30 alowe mu labu, atatu pa kompyuta iliyonse, kwa mphindi 35. Enawo akhale ndi ntchito ya papepala ya mutu womwewo, monga kujambula flowchart. Kenako asinthane.

Mwa atatuwo, kiyibodi izisintha mwini mphindi 10 zilizonse, ndipo inu ndinu wolengeza nthawi. Mukawasiya okha, mwana amene kwawo kuli laputopu ndiye amaigwira mpaka belu, anzake n'kumangoonerera, ndipo kawirikawiri otsalira amakhala atsikana. Mwana akasokonezeka musamulande mouse. Muuzeni ndi pakamwa, adine yekha, ngakhale zitenge nthawi.

Magetsi akathima phunziro lathera pomwepo?

Silinathe, bola munakonzeratu. Pophunzitsa binary, manambala a kompyuta olembedwa ndi 0 ndi 1 basi, dulani makadi asanu pa katoni, mulembepo 16, 8, 4, 2 ndi 1. Ana asanu aime kutsogolo mwa dongosolo limenelo. Woonetsa khadi lake ndi 1, wolibisa ndi 0. Kuti apange 13 aonetsa 8, 4 ndi 1, ndipo kalasi iwerenga 01101. Programming nayo imayambira pa bolodi: lembani pulogalamu ya mizere isanu, ana atsatire mzere ndi mzere, akulemba mmene nambala iliyonse ikusinthira. Mwana amene sangathe zimenezi papepala, pa kompyuta amangokopera za mnzake.

Za UPS, kabokosi ka batire kopereka magetsi ku kompyuta akathima, musanamizidwe. Yaing'ono ya 650 VA imangopereka mphindi zochepa zoti musunge ntchito ndi kuzimitsa bwino, ndipo pulinta ya laser musailumikizepo chifukwa imakoka magetsi ambiri ikamatenthetsa. Ngati sukulu ikuganiza za sola, werengani kaye. Kompyuta ya patebulo ndi sikirini yake imatha kudya ma watt 100 kapena kuposa, pamene chaja ya laputopu nthawi zambiri imakhala ya 45 kapena 65.

Intaneti kulibe. Zitheka?

Zitheka. Scratch ndi Python, zophunzirira programming, komanso Kolibri, pulogalamu ya zophunzira zosiyanasiyana, zimagwira ntchito popanda intaneti mukangoziika. Koma pokonzekera mayeso, ana azolowere mapulogalamu omwewo amene adzawapeze mu labu tsiku la practical.

Ndi zovuta ziti zimene mphunzitsi ayenera kukonza yekha?

Kompyuta ikamaiwala tsiku ndi nthawi mukaizimitsa, kabatire kozungulira ka pa motherboard (bolodi lalikulu la mkati mwa kompyuta), ka CR2032, katha. Kusintha kwake ndi kwa mphindi zochepa. Ikamalira poyatsa koma sikirini ili bii, zulani pulagi, tsegulani, chotsani RAM (kabolodi kakatali kolowetsedwa pa motherboard), pukutani fumbi, muibwezere mpaka timano ta m'mbali titseke. Mafayilo a pa fulashi akasanduka ma shortcut, imeneyo ndi vairasi, ndipo imayenda ndi mafulashi a nyimbo ndi mafilimu. Lamulo likhale loti mu labu mumalowa fulashi ya sukulu yokha. Ana akhale ndi akaunti yawoyawo yosatha kuika mapulogalamu, password ya administrator ikhale ndi aphunzitsi awiri aja basi.

Kuno mvula imagwa yambiri ndipo chinyezi sichisowa. Makompyuta asakhale pansi kapena kutsamira khoma, ndipo pa holide aziyatsidwa kamodzi pa sabata. Kukayamba ziphaliwali zimitsani ndi kuzula mapulagi ku khoma, chifukwa kuzimitsa kokha sikuteteza.

Mayeso a practical akayandikira ndiyang'ane chiyani?

Kutatsala mwezi, yatsani kompyuta iliyonse, yesani batani lililonse la kiyibodi ndi mouse, ndipo musindikize tsamba limodzi kuchokera pa kompyuta imene idzagwiritsidwe ntchito posindikiza. Toner, mapepala ndi mafuta a jenereta zigulidwe nthawi ikadalipo. Ana azolowere kusunga fayilo ndi dzina lenileni limene funso lanena, m'malo amene auzidwa, komanso kudina Ctrl ndi S akamaliza gawo lililonse. Malangizo a MANEB akafika kusukulu, muwawerenge limodzi ndi ahedi tsiku lomwelo, kuti chosowa chidziwike msanga.