Kudya maso ali pafoni, n'chifukwa chake thupi likungokwera osadziwa

Pali kachizolowezi kena kamene ambirife timakatenga ngati kopanda vuto. Mwakhala pansi mukuonera TV kapena mukuyendetsa chala pafoni, pambali pali paketi ya mabisiketi kaya makirisipi, dzanja likungopita lokha mupaketi, kukamwa, kubwereranso, pomwe pulogalamu ikutha paketi yatsala mpweya okha koma wina atakufunsani kuti mwadya angati simungayankhe. Chodabwitsa n'choti pakangopita kanthawi njala ija yabweranso ngati simunalaweko kanthu.

Nanga m'thupi mukuchitika chani?

Kukhuta si nkhani ya m'mimba mokha ayi. Chakudya chikalowa, m'matumbo mumatuluka mahomoni monga CCK, PYY ndi GLP-1 amene amakauza ubongo kuti basi zakwana, ndipo homoni ya njala yotchedwa ghrelin imatsika. Vuto ndi loti uthengawu sufika pompopompo, umatenga mphindi pafupifupi 20, ndiye munthu amene akudya mothamanga maso ali pasikirini amakhala atapitirira kale mulingo uthengawo usanafike.

Koma mbali imene anthu ambiri saidziwa ndi ya kukumbukira. Ubongo umasunga zimene mwadya ndipo umagwiritsa ntchito chikumbukiro chimenecho poganiza kuti mudzadyenso liti komanso zochuluka bwanji. Mu 1998 katswiri wina dzina lake Paul Rozin ndi anzake analemba za odwala amene anavulala ubongo moti sankakumbukira chimene changochitika kumene, anthuwa atadya nkhomaliro ankabweretseredwa ina pakangotha mphindi zochepa ndipo ankadya bwinobwino, ngakhale yachitatu ankaiyamba ndithu. M'mimba munali modzaza koma mutu sunkadziwa.

Ife sitinavulale ubongo, koma foni imatichita zofananako pang'ono. Mu 2011 ofufuza a ku University of Bristol ku England anapatsa anthu nkhomaliro yofanana, ena akusewera gemu ya solitaire pakompyuta ena akungodya opanda chowasokoneza. Osewera aja anati sanakhute kwenikweni, analephera kukumbukira bwino ndondomeko ya zimene adya, ndipo patatha theka la ola atapatsidwa mabisiketi anadya ochuluka kuposa anzawo. Mu 2013 Eric Robinson ndi anzake anasonkhanitsa kafukufuku okwana 24 ndipo anapeza zomwezi, kudya uli osokonezeka kumawonjezera zimene ukudya panthawiyo, koma kumawonjezera kwambiri zimene udye pambuyo pake. Ndiye kuti mumalipira kawiri.

Zikukhudzana bwanji ndi sikelo?

Palibe amene amatolatola masamba ophika akuonera mpira, tisanamizane. Timatolatola zamafuta, zamchere ndi zashuga. Galamu imodzi ya mafuta ili ndi makalori (muyeso wa mphamvu za m'chakudya) 9 pomwe ya shuga kapena sitachi ili ndi 4, ndiye kapaketi kooneka kopepuka kamanyamula zambiri. Zakumwa ndiye zimabera kwambiri chifukwa sizikhutitsa, chitini chimodzi cha cola cha 330 ml chili ndi shuga pafupifupi magalamu 35. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati shuga wothira asafike 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amadya patsiku, kwa wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50 kapena masupuni a tiyi 12, ndipo ndi bwino koposa akatsika kufika magalamu 25. Werengani nokha, chitini chimodzi chija chadutsa kale magalamu 25 amenewo musanatsegule paketi.

Tsiku limodzi si kanthu. Koma madzulo alionse kwa chaka, lamba amayamba kuthina. WHO imati mu 2022 akuluakulu 2.5 biliyoni padziko anali olemera mopitirira muyeso, mwa iwo 890 miliyoni anali onenepa kwambiri. BMI, muyeso woyerekeza kulemera kwanu ndi kutalika kwanu, ikafika 25 ndiye mwapitirira, ikafika 30 ndi kunenepa kwambiri, ndipo kumeneku kumakokera matenda a shuga a mtundu wachiwiri, BP, matenda a mtima, sitiroko, khansa zina komanso kupweteka kwa mawondo.

Tichite chani?

Sitikuti musiyiretu totolatola. Chachikulu musadyere mupaketi, tapani pang'ono muike m'mbale, paketiyo mutseke mukaisiye kutali koti mpaka mudzuke kuti muifikire, ulesi nawo umathandiza nthawi zina. Nthawi yodya foni itembenuzeni, TV muzimitse, khalani pansi mutafune bwino muone chimene mukudya, mphindi 15 zokha mauthenga apafoni sathawa. Padesiki yogwirira ntchito pasakhale maswiti. Dzanja lisanapite mupaketi dzifunseni ngati ndi njala yeniyeni kapena mwangoboweka, mwatopa, muli ndi nkhawa kapena ludzu, ndipo dziwani kuti kusagona mokwanira kumawonjezera chilakolako cha zotsekemera. Ana nawo osawazoloweza kudya ali pakatuni, amatengera zimene akuona kwa akulu.

Kunyumba mungadziyeze ndi chingwe, m'chiuno mukuyenera kukhala mosafika theka la kutalika kwanu. Ngati mwadutsa, kapena mukumva ludzu pafupipafupi ndi kukodza kawirikawiri, pitani kuchipatala akakuyezeni shuga ndi BP. Ndipo ngati mumadya zambiri nthawi imodzi mpaka kulephera kudziletsa, kenako n'kumadziimba mlandu kapena kubisa, auzeni adokotala momasuka, limeneli ndi vuto lodziwika ndipo lili ndi chithandizo chake.