Mzera wa makolo a Abraham Lincoln, kuchokera ku Hingham kufika ku Kentucky

Abraham Lincoln, pulezidenti wakale wa United States, sankadziwa kholo lake loyamba kufika ku America. Mu 1859 analemba kuti ena anayesa kumulumikiza ndi a Lincoln a ku New England, dera la kumpoto chakum'mawa kwa dzikolo, koma chimene anapeza n'kufanana kwa mayina basi: Enoch, Levi, Mordecai, Solomon, Abraham. Ubalewo unalipodi, kungoti mayina paokha sakanautsimikizira.

Khololo ndi Samuel Lincoln, mnyamata amene ankaphunzira kuwomba nsalu kwa Francis Lawes wa ku Norwich, ku England. Anawoloka nyanja mu 1637 ndi bwana wakeyo, n'kukakhazikika ku Hingham, Massachusetts, ku New England komweko, kumene anamwalira mu 1690. Dzina la banjali linachokera ku mzinda wa Lincoln, umene Aroma ankautcha Lindum Colonia. Munthu wochokera kumeneko ankangoitanidwa ndi dzina la kwawo, n'chifukwa chake si onse a Lincoln amene ali pachibale.

Pamene ofufuza ambiri amasokonezekera ndi ku Hingham komweko. M'tauniyo munali amuna anayi otchedwa Thomas Lincoln, ndipo olemba mabuku ankawasiyanitsa ndi ntchito zawo: wowomba nsalu, wopanga migolo, wachigayo ndi mlimi. Mchimwene wa Samuel anali wowomba nsaluyo. Mukangotenga Thomas wolakwika, mibadwo yonse yotsatira yasokonekera. Zaka za Samuel nazo n'zokanganirana. Kaundula wa okwera chombo akuti anali ndi zaka 18, pamene buku la ubatizo la tchalitchi cha St Andrew ku Hingham wina wa ku Norfolk, ku England, likusonyeza 1622, kutanthauza kuti anali ndi zaka pafupifupi 15 zokha.

Kuchoka apo mzera ukuyenda motere: Mordecai wosula zitsulo, Mordecai wina amene anasamukira ku New Jersey kenako ku Pennsylvania, John amene anapita ku Virginia, Abraham amene anaphedwa ku Kentucky mu 1786, Thomas, ndiye pulezidentiyo, wobadwa mu 1809. Banja losamukasamuka chonchi limatsatidwa ndi zikalata za malo ndi mawilo ogawira chuma cha masiye, chifukwa m'menemo bambo amatchula ana ake mayina. Kalembera sathandiza kwenikweni pa nthawi imeneyi. Woyamba wa ku United States anachitika mu 1790, ankalemba dzina la mutu wa banja lokha mpaka 1850, ndipo mapepala a 1790 a ku Virginia anatayika.

Pofufuza mzera wa makolo, muyambe ndi munthu wodziwika bwino n'kumabwerera m'mbuyo, m'badwo umodziumodzi, osadumpha. Dzina mulifufuze m'malembedwe onse, poti alembi ankangolemba mmene amvera, ndipo m'zikalata zina za ku Kentucky banjali likupezeka ngati Linkhorn. Madeti nawo amapusitsa. Chisanafike chaka cha 1752, chaka chatsopano ku England ndi m'madera amene ankalamulira chinkayamba pa 25 March, choncho mwana wolembedwa kuti anabadwa mu February 1656 anabadwa mu 1657 malinga ndi kawerengedwe ka masiku ano.