Mzinga wa pa Boma la Mangochi ndi Pemphero la mu Novembala

Aliyense wofika pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi m'tauni ya Mangochi amaona chipilala cha njerwa chokhala ndi wotchi, chomwe chinamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria. Pambali pake pali mzinga wa mtundu wa Hotchkiss. Akabaza amaima chapafupi kudikira anthu, ana asukulu amausisita podutsa, ndipo ambirife tinauzolowera ngati chitsa cha m'mbali mwa njira. Komatu chitsulo chimenechi ndicho chimalumikiza boma lathu ndi mwambo wa mu Novembala, pamene dziko limakhala chete kwa mphindi ziwiri ndipo atsogoleri a mipingo amathokoza Mulungu chifukwa cha asilikali amene anamenya nkhondo.

Tauniyi inayamba mu 1891 ngati linga la Angerezi lotchedwa Fort Johnston, loyang'anira njira ya pa mtsinje wa Shire ndi dera la mfumu Mponda. Sitima yankhondo yotchedwa Guendolen, yomwe mzinga uja unachokera, anailumikiza konkuno ndi kuiyandamitsa mu 1899. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba mu Ogasiti 1914, Kaputeni Rhoades anapita nayo ku Sphinxhaven, komwe lero ndi ku Liuli m'dziko la Tanzania, napeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda akuikonza, ndipo anaiwombera. Kaputeni wa Ajeremani, Berndt, anali mnzake wakumwa naye, ndipo popeza uthenga wa nkhondo unali usanamufike, anapalasa bwato kudzamufunsa ngati waledzera. Angerezi amawerengera kumeneku ngati kupambana kwawo koyamba pamadzi m'nkhondo yonseyo, ndipo nkhaniyi imakambidwa moseketsa mpaka lero.

Zimene zinatsatira sizinali zoseketsa. Pa 9 Sepitembala 1914 kunachitika nkhondo ya ku Karonga, ndipo kuyambira mu 1916, pamene gulu la Jenerale Edward Northey linalowa m'dziko lolamulidwa ndi Ajeremani kumpoto, lomwe lero ndi Tanzania, Fort Johnston inasanduka khomo lodutsira chilichonse. Ufa, mpunga, zipolopolo ndi mankhwala zinkabwera kuchokera ku Blantyre ndi ku Zomba, n'kukwezedwa m'sitima kuno kupita kumadoko a kumtunda kwa nyanja. Sitima ikakocheza, katunduyo ankayenda pamitu ya anthu. Amenewa ndiwo ankatchedwa atengatenga. Amuna pafupifupi 19,000 a m'dziko muno analowa usilikali, koma atengatenga anali pafupifupi 200,000, m'dziko limene anthu ake onse ankangopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Mafumu ankalamulidwa kupereka chiwerengero cha amuna, ndipo amesenjala a boma ankagwira anthu m'midzi, nthawi zina usiku. Munthu ankasenza mtolo wopitirira makilogalamu 20 tsiku ndi tsiku, m'mvula, wopanda nsapato, pa chakudya chochepa, ndipo kamwazi, malungo ndi chibayo zinapha ambiri kuposa zipolopolo. Makolo athu nkhondoyi anaitcha ya Chiwaya, potengera mfuti yolira mosalekeza ngati chimanga chothetheka m'chiwaya.

Mangochi anapereka zambiri pa nkhondoyi. Gulu la King's African Rifles, lomwe anthu ankangoti Keyala, linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo Angerezi ankakonda kulemba Ayao poganiza kuti ndi mtundu wodziwa nkhondo. Choncho ambiri mwa asilikali ochokera kuno anali Asilamu. Mpingo nawo sunatsale kunja. Sitima ya mishoni ya Anglican, Chauncy Maples, yomwe inalumikizidwa kwa Mponda n'kuyamba kuyenda mu 1901 kuti izinyamula aphunzitsi, ansembe ndi odwala, boma linaitenga kuti izinyamula asilikali. Chombo chimene anthu a m'mbali mwa nyanja ankachidziwa ndi belu la mapemphero chinayamba kufika padoko chitadzaza mfuti.

Mkhristu amene anayankhula poyera pa nthawiyo anali M'busa John Chilembwe wa ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Mu Novembala 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times, kudandaula kuti pa nthawi ya mtendere zabwino zonse ndi za Azungu, koma nkhondo ikabwera anthu akuda amaitanidwa kukakhetsa magazi pa mkangano umene si wawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye pa umphawi. Boma linailetsa kalatayo. Pa 23 Januwale 1915 iye anaukira, ndipo masiku ochepa pambuyo pake anaphedwa. Munthu angatsutsane ndi njira imene anatsata, koma funso limene kalata yake inadzutsa, lakuti adzasamale amasiyewo ndani, linafunsidwa mwambo wa chikumbutso usanabadwe n'komwe.

Mwambowo unachokera ku Ulaya. Mfuti zinaleka kulira kumeneko pa 11 Novembala 1918, nthawi ya 11 koloko m'mawa, ngakhale kuti kuno ku Africa mkulu wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anadzagonja pa 25 Novembala ku Abercorn, komwe lero ndi ku Mbala m'dziko la Zambia. Mu 1919 Mfumu George V inalamula kuti anthu a m'maiko onse a ufumu wake azikhala chete mphindi ziwiri pa ola limenelo. Duwa lofiira la popi, lomwe linkamera m'minda ya ku Flanders, ku Belgium, momwe munagwa anthu ambiri, linayamba kugulitsidwa mu 1921 kuti ndalama zake zizithandiza asilikali opuma. Itatha nkhondo yachiwiri, mwambo waukulu unasunthidwira Lamulungu lachiwiri la Novembala, ndipo kuyambira pamenepo unakhala wa tchalitchi kwenikweni: nyimbo, kuwerenga Malemba, lipenga, nkhata zamaluwa. Ife tinaulandira momwemo. Mpaka lero umachitikira pa chipilala cha Keyala ku Zomba, pa chipilala cha ku Lilongwe ndiponso ku Mzuzu, ndipo kuno ku Mangochi ambiri timaumvera pa wailesi tikamachokera ku mapemphero.

Chovuta chake n'chakuti mwambowo unabwera ndi maina osakwanira. M'manda akale a m'tauni muno muli miyala yosemedwa bwino ya asilikali achizungu a nkhondo yoyamba, uliwonse ndi dzina, gulu ndi tsiku. Mtengatenga amene anagwa m'njira ya ku Songea, ku Tanzania, anakwiriridwa pomwepo, kapena osakwiriridwa n'komwe, ndipo kumudzi kwawo anangoona kuti anzake abwera iye osaoneka. Mu 2021 bungwe losamalira manda a asilikali la Commonwealth War Graves Commission linavomereza kuti anthu osachepera 116,000, ambiri a iwo a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi maina awo, ndipo boma la Britain linapepesa. Panali patatha zaka zoposa 100.

Za nkhondo yachiwiri zimadziwika bwino, chifukwa eni ake takhala nawo mpaka posachedwapa. Anamenya ku Ethiopia, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944, ndipo ena anadzapitanso ku Malaya. Amene anakulira m'midzi ya kwa Makanjira, kwa Jalasi kapena kwa Nankumba amakumbukira agogo ena wokhala ndi jekete limodzi losungidwa m'sutikesi, mamendulo atakulungidwa m'kansalu, amene ankawapukuta ndi phulusa tsiku lopita ku boma, n'kuima chilili ngati mnyamata akamva lipenga pa wailesi. Dziko litalandira ufulu mu 1964, Keyala ya kuno inasanduka Malawi Rifles, ndipo ana awo anakalondera njanji ya ku Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, kenako n'kuyamba ntchito yosungitsa mtendere m'maiko ena.

Vesi limene limamveka kawirikawiri pa mwambowu ndi Yohane 15:13, lonena kuti palibe chikondi choposa cha munthu wotaya moyo wake chifukwa cha abwenzi ake. Pali imfa zimene vesili limazikwana ndendende. Mu Novembala 2018, patatha zaka 100 chithere nkhondo ya Chiwaya, asilikali asanu ndi mmodzi a Malawi anaphedwa kufupi ndi tauni ya Beni ku Democratic Republic of Congo. Mmodzi wa iwo, Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa msilikali wovulala wa ku Tanzania, dziko lomwe lija makolo athu anatumizidwa kukamenyako nkhondo, ndipo mu 2019 bungwe la United Nations linamulemekeza ndi mendulo ya kulimba mtima yotchedwa Captain Mbaye Diagne. Koma mlaliki woona mtima amadziwa kuti vesi lomwelo silinganenedwe mopepuka pa mtengatenga amene anamangidwa chingwe m'chiuno. Iyeyo moyo wake sanaupereke, anachita kumulanda. Ine ndimaona kuti pemphero lothokoza la kuno liyenera kukhala ndi mbali ya kulapa, ndiponso liyenera kutchula mosabisa kuti ambiri amene tikuwathokozawo ankapemphera kumzikiti, ndipo zidzukulu zawo ndi anansi athu a mpanda umodzi.

Mbali ya utumiki ndiyo imatsalira m'mbuyo. Chaka chilichonse mtsogoleri wa dziko amagula popi woyamba potsegulira sabata yosonkhetsa ndalama, zomwe zimathandiza asilikali okalamba, kuphatikizapo amene amasungidwa kunyumba za chikumbutso pafupi ndi Cobbe Barracks ku Zomba. Koma kuchokera ku Zomba kukafika kwa Katuli ndi mtunda wautali, ndipo wamasiye wa msilikali amene denga lake likudontha sadziwa n'komwe kuti kuli sabata yotere. Kalata ya Yakobo imafunsa phindu la kuuza wausiwa ndi wanjala kuti apite mumtendere osamupatsa kanthu. Amene amafika pakhomo pa wamasiyeyo kawirikawiri ndi amayi a Mvano, a Dorika kapena a Mothers' Union, atanyamula ufa m'beseni, sopo ndi mtolo wa nkhuni, ndipo nthawi zambiri sadziwa kuti mwamuna wa m'nyumbamo anafika ku Burma mpaka ataona chithunzi chakuda pakhoma.

Anthu wamba anasunganso nkhondoyi m'njira yawoyawo, yosadikira Novembala. Asilikali obwera ku nkhondo yoyamba anabweretsa gule wa beni kuchokera kugombe la kum'mawa kwa Africa, ndipo anakhazikika pakati pa Ayao monga momwe malipenga anakhazikikira kumpoto. Ovina amavala ngati asilikali, ali ndi maudindo awo, amaguba pamzere motsogozedwa ndi wenzulo, wina atapachika tizitsulo pachifuwa m'malo mwa mamendulo. Ng'oma ikakolera, mzere umasweka, mapewa ndi chiuno zimayamba kunjenjemera mwa njira imene sajeni wachizungu sakanailola pa perete, ndipo amayi amalowa m'bwalo ndi nthungululu kukafupa.