Fayilo Ikamachedwa pa Netiweki ya mu Ofesi, Yambani Mwaona Liwiro Lake

Dandaulo limene ndimamva kawirikawiri ndikaitanidwa m'maofesi ang'onoang'ono ndi lakuti fayilo ikutenga nthawi yaitali kuchoka pa kompyuta ina kupita pa inzake, chikhalirecho makompyuta awiriwo ali m'chipinda chimodzi. Nthawi zambiri ndimapeza eni ake atagula kale bandulo yaikulu ya intaneti poganiza kuti vuto lagona pamenepo, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa ndalamazo zimakhala zalowa m'madzi. Fayilo imene ikuyenda pa netiweki ya m'nyumba momwemo sidutsa pa intaneti ayi: imachoka pa kompyuta yoyamba, kudzera pa rauta kapena swichi (kabokosi kobayapo mawaya kolumikiza makompyuta), n'kukafika pa yachiwiri. Zimasintha pokhapokha ngati mukutumizirana kudzera pa Google Drive, OneDrive kapena WhatsApp, pakuti pamenepo fayiloyo imayamba yatuluka kunja kenako n'kubwereranso, ndipo bandulo imadyeka kawiri.

Musanagule chilichonse, koperani fayilo imodzi yaikulu, monga vidiyo ya magigabaiti angapo, ndipo muyang'ane nambala ya liwiro imene Windows imaonetsa pamene ikukopera. Nambala imeneyi ndiyo mboni yoyamba, koma pafunika kuimvetsa bwino. Opanga zipangizo amayeza liwiro la netiweki m'mamegabiti, pamene Windows imaonetsa mamegabaiti, ndipo baiti imodzi ili ndi mabiti 8. Choncho waya woyenda pa mamegabiti 100 pa sekondi amanyamula mamegabaiti 11 kapena 12 okha, pamene wa mamegabiti 1,000, umene timautcha gigabiti, umafika pafupifupi mamegabaiti 110. Fayilo ya magigabaiti 10 imatenga mphindi pafupifupi 15 pa liwiro loyambalo, koma mphindi imodzi ndi theka pa lachiwirilo.

Mukaona nambalayo itakhazikika pa 11 osasunthasuntha, dziwani kuti penapake pa njirayo pali chinthu chimene chatsikira pa mamegabiti 100, ndipo ine ndimayamba kukayikira waya. Mkati mwa waya wa netiweki muli timawaya 8 topotedwa tiwiritiwiri. Liwiro la mamegabiti 100 limagwiritsa ntchito timawaya 4 tokha, pamene gigabiti imafuna tonse 8. Kamodzi kokha mwa timawaya towonjezerato kakaduka, kapena kakapanda kugwira bwino m'kamutu kapulasitiki kobaya pa kompyuta, zipangizo zambiri zimangogwirizana zokha kutsika pa 100 popanda kupereka chenjezo lililonse. N'chifukwa chake vutoli limabisala kwa miyezi: intaneti imayenda, pulinta imasindikiza, ndipo palibe amene amaganizira za waya. Ndaonapo waya wopanidwa ndi chitseko, wina wotafunidwa ndi makoswe kudenga, koma ochuluka anali oti amene anamanga mitu yake sanapane bwino. Waya woyenera ndi wolembedwa Cat5e kapena Cat6, usatalike kupitirira mamita 100, ndipo ukhale wa kopa weniweni. Pamsika pali wina wotchipa wolembedwa CCA, amene mkati mwake ndi aluminiyamu wongokutidwa ndi kopa; ameneyu sachedwa kuthyoka, ndipo sindilangiza munthu kumuika m'khoma.

Kutsimikiza zimenezi n'kosavuta. Pa Windows, tsegulani Settings, mupite pa Network & Internet, kenako pa Ethernet, ndipo mupezapo mzere wosonyeza liwiro limene kompyutayo yagwirizana ndi chipangizo cha kutsidya: 100/100 kapena 1000/1000. Muone pa makompyuta onse awiri, chifukwa fayilo imayenda pa liwiro la amene ali wochedwa. Ngati mwasintha waya koma nambala ikadali 100, tembenuzani rauta kapena swichi muwerenge zimene zalembedwa kunsi kwake. Marauta ambiri otsika mtengo ali ndi mabowo a 10/100 okha, amenenso amatchedwa Fast Ethernet, ndipo ngakhale mutabayapo waya wabwino chotani sangapitirire pamenepo. Mankhwala ake si kutaya rautayo ayi, koma kugula swichi yaing'ono ya gigabiti, kubaya makompyuta onse pa swichiyo, n'kusiya waya umodzi wopita ku rauta kuti uzibweretsa intaneti.

Nambala ikamakwera n'kumatsika, mwina 6 kenako 2 kenako 9, kawirikawiri ndiye kuti kompyuta imodzi kapena onse awiri ali pa Wi-Fi. Apa anthu ambiri amanyengedwa ndi nambala yaikulu yolembedwa pa katoni ya rauta. Wi-Fi ili ngati bwalo la milandu pamene amalankhula munthu mmodzi pa nthawi imodzi ena onse akudikira, ndipo mafoni onse a mu ofesimo ali nawo pa mzere womwewo. Komanso malaputopu awiri akamatumizirana fayilo onse ali pa Wi-Fi, fayiloyo imadutsa mumlengalenga kawiri, kupita ku rauta ndi kuchokera ku rauta, motero liwiro limatsika pafupifupi ndi theka. Mafunde a Wi-Fi a 2.4 GHz amafika patali koma ndi odzaza, pakuti marauta a anansi, zipangizo za Bluetooth ndi mauvuni a microwave zonse zimalimbirana pomwepo. A 5 GHz ndi othamanga, koma amafooka msanga akakumana ndi khoma la njerwa zowotcha kapena la konkire. Kungobaya waya pa kompyuta imodzi mwa awiriwo kumasintha zinthu kwambiri, ndipo kompyuta imene imasunga mafayilo a ofesi yonse isakhale pa Wi-Fi m'pang'ono pomwe.

Pali nthawi zinanso pamene netiweki ilibe mlandu. Hadi disiki yakale yozungulira, makamaka ya mu laputopu, imatha kulephera kudzaza waya wa gigabiti, ndipo ikayamba kutha imachedwa koopsa. Imeneyo ndi nthawi yosamutsa mafayilo anu msanga isanafe. Disiki yakunja yobayidwa pa bowo la USB 2.0 siipitirira kwenikweni mamegabaiti 35 pa sekondi. Pofuna kusiyanitsa, akatswiri timagwiritsa ntchito pulogalamu yaulere yotchedwa iperf3, imene imayeza netiweki yokha popanda kukhudza disiki. Ikaonetsa mamegabiti oposa 900 koma mafayilo akuchedwabe, siyani mawaya, tsegulani Task Manager, pulogalamu ya mu Windows yoonetsa mmene kompyuta ikugwirira ntchito, muone ngati disiki yafika pa 100 peresenti.

Chotsala ndi mtundu wa mafayilo enieniwo. Vidiyo imodzi ya gigabaiti imodzi imadutsa mofulumira kuposa timafayilo 20,000 timene tonse pamodzi tikukwana gigabaiti yomweyo, chifukwa pa kafayilo kalikonse makompyuta awiriwo amayenera kufunsana chilolezo, kukatsegula, kukalemba ndi kukatseka, ndipo pulogalamu yoteteza ku mavairasi imaimanso pakhomo n'kumakasecha kamodzikamodzi. Musazime chitetezocho chifukwa cha zimenezi. M'malo mwake mangani timafayiloto kukhala mtolo umodzi wa zip musanatumize, kapena mugwiritse ntchito lamulo lokopera mafayilo lotchedwa robocopy limene lili kale mu Windows, mutawonjezera /MT kuti lizinyamula mafayilo angapo nthawi imodzi. Ndichenjezenso za malangizo amene amafala akuti muyatse SMB1 kuti makompyuta aonane. Imeneyi ndi njira yakale yogawirana mafayilo, yochedwa poyerekeza ndi zatsopano, ndipo ndi imene vairasi ya WannaCry inadzera pofalikira m'makompyuta a m'maiko ambiri mu 2017. Ngati mu ofesi mwanu muli chipangizo chimene sichingagwire ntchito popanda SMB1, chipangizocho ndicho chofunika kusintha.