Magazi onse si msambo

Mayi akafika kuchipatala n'kunena kuti "masiku ano ndikusamba kawiri pamwezi," funso lofunika kwambiri si lakuti magaziwo ndi ochuluka bwanji. Lofunika ndi lakuti amabwera liti, ndipo chimawayambitsa n'chiyani. Msambo umayendera nthawi yake. Magazi a khansa ya khomo la chiberekero sadziwa tsiku.

Kuwerenga msambo kumayambira tsiku loyamba kuona magazi. M'masiku oyambirira thumba la mazira limatulutsa homoni (timadzi tolamulira ntchito za thupi) yotchedwa estrogen, imene imakhuthalitsa khungu la m'kati mwa chiberekero. Dzira likatuluka, pamalo pamene lachoka pamatsala kanthu kachikasu kotulutsa homoni ina, progesterone, yomwe imagwirizira khungu lija kuti lisagwe. Kanthuka kamakhala masiku pafupifupi 14 basi. Ngati mimba sinaime kamafota, progesterone imatsika, timitsempha timafinyika, khungu limasendeka n'kutuluka pamodzi ndi magazi. Kwa amayi ambiri zimenezi zimabwerera pakatha masiku 21 mpaka 35, magazi amatuluka masiku 2 mpaka 7, ndipo onse pamodzi sapitirira mamililita 80, ngati masipuni aakulu asanu.

Khomo la chiberekero silisendeka choncho. Pakamwa pake pali malire pamene maselo (tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi) olimba a kunja amakumana ndi maselo ofewa a m'kati, ndipo pamalirepo maselo amasinthasintha moyo wonse wobereka. Kachilombo ka HPV, kofala pogonana, kamakonda pomwepo. Mwa anthu 10 amene akatenga, pafupifupi 9 thupi limakachotsa lokha zaka 2 zisanathe. Vuto ndi kamene kakhalitsa, makamaka mitundu ya 16 ndi 18, yomwe imayambitsa pafupifupi 70 peresenti ya khansa imeneyi padziko lonse.

Selo lililonse lili ndi mabuleki. Puloteni ya p53 imaimitsa selo lowonongeka kuti likonzedwe kapena life, pamene ya Rb imaletsa selo kugawikana nthawi isanakwane. HPV imapanga mapuloteni awiri, E6 ndi E7, amene amadula mabuleki onsewa. Selo limangogawikana, zolakwika n'kumawunjikana. Kwa mayi wa chitetezo chabwino zimatenga zaka 15 mpaka 20 kuti pafike pa khansa. Kwa amene chitetezo chatsika ndi HIV, zaka 5 mpaka 10 zimakwana. Chotupa cha khansacho chimamera timitsempha tosalimba, tong'ambika tikangokhudzidwa. N'chifukwa chake magazi ake amaoneka mukangokhala malo amodzi ndi abambo, kapena pakati pa mwezi, nthawi zina limodzi ndi chikazi chamadzimadzi chonunkha. Ambiri amati ndi mauka, n'kuyamba kuika mankhwala azitsamba kumaliseche. Mankhwalawo amangokanda pachilonda, miyezi n'kumapita.

Kuno kunyanja pali china chosokoneza: likodzo. Mayi amene amachapa ndi kusamba ku Senga Bay kapena ku Chia, kapena wokhalira kuponda madzi m'minda ya mpunga ku Lifuwu, akhoza kukhala ndi mazira a likodzo pakhomo la chiberekero ngakhale mkodzo wake uli woyera. Mazirawo amasiya timawanga tokhala ngati mchenga wonyowa, tomwe natonso timatuluka magazi pogonana. Mankhwala ake ndi praziquantel, mamiligalamu 40 pa kilogalamu iliyonse ya thupi. Koma kumwa mankhwala a likodzo popanda kuonedwa pakhomopo n'kungoganizira, pakuti matenda awiriwa amatha kukhalira limodzi.

Jakisoni wa Depo ndi njira yoika pamkono zimabweretsa timadontho tosalongosoka, makamaka miyezi yoyamba, ndipo zimenezo si khansa. Choopsa n'chakuti dontho lililonse limadzakankhidwira kwa jakisoni. Magazi obwera pogonana ayesedwe, kaya muli pa njira yolera kapena ayi. Kwa mayi amene wakhala miyezi 12 osasamba pa msinkhu wosiya, nthawi zambiri zaka 45 mpaka 55, palibe zoti msambo wabwerera. Ngakhale kadontho kamodzi pachitenje n'chifukwa chokwanira kupita kuchipatala, poti pamsinkhu umenewu palinso khansa ya m'kati mwa chiberekero.

Komabe kudikira magazi n'kuchedwa. Maselo amene angoyamba kusintha satuluka magazi, sapweteka, sasokoneza msambo. Amapezeka poyeza basi, ndipo kuyezako kumachitika pa chipatala chachikulu cha Salima, cha Nkhotakota ndi zipatala zina zing'onozing'ono, makamaka kwa amayi a zaka 25 mpaka 49. Namwino amalowetsa kachipangizo kokhala ngati mlomo wa bakha kuti aone khomo, amapaka viniga wa 3 mpaka 5 peresenti ndi thonje, n'kudikira mphindi imodzi yathunthu. Maselo osintha amayera mbuu, m'mbali mwake mooneka bwino. Kuyang'ana mphindi isanakwane kumaphonyetsa chilonda. Sankhani tsiku limene simuli kumwezi, chifukwa magazi ochuluka amaphimba malowo. Kwa amayi amene anasiya kusamba, malire aja amalowa m'kati ndipo viniga sathandiza kwenikweni. Amafunika njira zina zoyezera.

Banga loyera likakhala laling'ono ndipo likuoneka lonse, limawotchedwa tsiku lomwelo ndi kachitsulo kotentha madigiri 100, kogunditsidwa pamalopo masekondi osakwana mphindi. Likakhala lalikulu kapena lolowa m'kati, amalidula ndi kawaya kamagetsi. Pooneka ngati khansa yeniyeni amatapa kanyama kokayeza, ndipo mayi amatumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe.

Mukawotchedwa, yembekezani chikazi chamadzi kwa milungu ingapo. Musagonane kwa milungu 4, ndipo abambo auzidwe zimenezi asanakhumudwe. Ngati zakanika, kondomu. Kutentha thupi, kupweteka kwambiri m'chinena kapena magazi opitirira a msambo, bwererani msanga. Tsiku lodzayezanso, pakatha chaka, limalembedwa m'kabuku ka kuchipatala. Katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa m'dziko lonse mu 2019 kwa atsikana a zaka 9, amateteza amene sanakumane ndi kachilomboka, koma sachiza amene ali nako kale, choncho mayi amene mwana wake wabayidwa akayezetsebe yekha.